Kwa achimwene amene agula pulena yopanda chotchinga mipeni

Achimwene, mwati mwagula pulena yamagetsi yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Joni, ija yopala pamwamba komanso pansi, koma yafika yopanda chotchinga mipeni. Mukufunsa ngati mungayambe ntchito choncho, ndiponso ngati mnyamata amene mukumuphunzitsa angamaigwire. Ndaona ena pano akuti yambani basi, tonse timapala choncho. Chonde dikirani kaye.

Ndakhala pa ukalipentala zaka zoposa 20, ndipo pa makina onse a m'shopu amene ndimawaopa kwambiri ndi amenewa, kuposa ndi sowo yomwe. Sowo ikadula chala, nthawi zina madokotala amatha kuchilumikiza. Pulena siidula, imapala. Pa makina ambiri chitsulo chonyamula mipeni chija chimazungulira maulendo 4,000 mpaka 6,000 pa mphindi imodzi, ndiye ngati mipeni ilipo itatu, ikumenya thabwa maulendo 12,000 kapena kuposa. Chala chikafika pamenepo palibe choti mutole.

Ndinaziona ndi maso angawa pa shopu ina imene ndinkagwirako ndili mnyamata. Tinkapanga madilowa a kabati, ndipo mnzanga anali ndi kathabwa ka mlombwa kotalika ngati chikhatho, kokhota pang'ono. Anati angokadutsitsa kamodzi. Nsonga ya kathabwako inagwera mumpata wa mipeni, kanauluka n'kukamenya malata, dzanja limene linkakanikiza linatsikira pomwepo. Kulira kwa makina kunangosintha pang'ono ngati akumana ndi mfundo. Iye anangoti chilili, kuyang'ana utuchi ukufiira, ululu asanaumve n'komwe. Nsonga za zala ziwiri zinapita. Mpaka lero mabatani a shati amamanga movutikira.

Kuyambira tsiku limenelo, thabwa losakwana masentimita 30 silikwera pa makina anga, ngakhale kasitomala akhale ataima pakhomo. Palani thabwa likadali lalitali, muzidula tizidutswa pambuyo. Kakang'ono kakatsala, tengani pulena yamanja. Thabwa lopyapyala, losakwana sentimita imodzi, nalonso limatha kusweka lili m'manja mwanu.

Tsono za chotchinga. Pa makina amtundu wanuwo nthawi zambiri chimakhala ngati kamlatho kodutsa pamwamba pa mipeni, kotheka kukakweza, kukatsitsa ndi kukasunthira m'mbali. Mukamapala nkhope ya thabwa, thabwa limadutsa pansi pake, manja amalumpha pamwamba pake n'kukakanikiza ku tebulo lolandira. Mukamapala m'mphepete, mumakasendeza kuti kasiye kampata kongokwana thabwalo pafupi ndi fensi, chitsulo choimirira chimene thabwa limatsamira popala. Yang'anani m'mbali mwa tebulo, mupeza mabowo a mabawuti pamene chinkamangidwa. Wowotcherera waluso atha kukupangirani chogwiriza chake, inu n'kuikapo thabwa lolimba. Musaiwale kutchinganso mipeni yotsala kuseri kwa fensi, ndi lamba wa mota.

Ngakhale chotchinga chilipo, manja ali ndi malamulo ake. Zala zisalendewere kumbuyo kwa thabwa, chifukwa thabwa likatha chotsatira pa mipeni ndi zalazo. Khomani zokankhira ziwiri lero lomwe: kathabwa kokhala ndi chogwirira pamwamba, kunsi mumatepo sandipepa, chimodzi chikhale ndi kachidendene kumbuyo kokokera thabwa. Kachidendeneko kamateni ndi guluu, musakhomepo msomali. Zimenezi sizidya ndi ola lomwe. Imani m'mbali mwa tebulo, osati kumbuyo kwenikweni kwa thabwa, ndipo likadutsa linyamuleni pobwerera, musalikokere pamwamba pa mipeni.

Musafune kumaliza ndi ulendo umodzi. Pa mbawa ndi mlombwa ine ndimadya milimita imodzi, pa paini wa ku Chikangawa mwina awiri, koma kupyola mamilimita 3 ayi. Mbali yolowa m'kati ngati mbale ndiyo iyang'ane pansi kuti thabwa likhazikike, lisamagwedere. Mukaona likuthothoka m'malo mosalala, mukupala motsutsana ndi mizere yake, litembenuzeni. Paini amavuta ndi mfundo zogwedera, zichotseni kaye. Matabwa a mapaleti ndi ophwasula padenga ndiye musawakhulupirire, amabisa misomali, ndipo ngakhale mchenga wa pansi pamene anagona umabunthitsa mipeni. Mpeni wobuntha umakukakamizani kukankha mwamphamvu, ndipo ndi pamene dzanja limaterereka.

Popeza makinawo ndi akale, musanayatse chotsani pulagi, tsegulani muone mipeni. Isakhale ndi mng'alu, yonse ikhale yofanana msinkhu ndi tebulo lolandira, ndipo mabawuti ake mumange kuyambira pakati kupita kunja. Zungulitsani ndi kamtengo kuti muone ngati sikukhudza paliponse. Kuzimitsa pa swichi pokha sikokwanira manja akamalowa m'menemo.

Swichiyo ndiinenepo bwino, chifukwa kwathu kuno magetsi amazima osatsazika. Makina abwino amakhala ndi swichi yoti magetsi akathima imadzizimitsa, akabwera siiyaka mpaka munthu adine. Koma ambiri ogulidwa kale anawaika swichi ya pakhoma wamba. Magetsi azima, mwasiya thabwa pa mipeni, mnyamata akusesa utuchi ndi manja, mwadzidzidzi abwera. Yesani yanuyo: yatsani popanda thabwa, zimitsani pa soketi, yatsaninso pa soketi pomwepo. Ikangolira yokha, itanani wamagetsi asinthe.

Mbali ya pansi ija, thicknesser, imakoka yokha thabwa, kotero ambiri amaiyesa yofatsa. Onani ngati timano toletsa thabwa kubwerera tikugwa momasuka, nthawi zambiri timakhala titamatirira ndi utomoni wa paini. Musalowetse matabwa awiri osiyana kukhuthala nthawi imodzi, lopyapyalalo limabwerera ngati muvi. Musawerame kusuzumira m'kati makina akulira, ndipo zala zisakhale pansi pa thabwa pamene likulowa, zipanikizika ndi tebulo.

Magolovesi ayi, amakodwa n'kukoka dzanja lonse. Manja a ovolosi pindani. Valani magalasi, zotseka m'makutu ndi chotchinga pamphuno, chifukwa fumbi la mitengo yolimba limatha kubweretsa mphumu pakapita zaka. Zitavuta munthu n'kuvulala, kanikizani bala ndi nsalu yoyera, kwezani dzanja, thamangirani kuchipatala. Ngati kachidutswa ka chala kapezeka, kakulungeni m'nsalu yoyera yonyowa, kaikeni m'jumbo, jumboyo m'madzi a ayezi, osati pa ayezi penipeni.

Za mnyamatayo, ine ndikanati ayambe waima kolandirira matabwa kwa milungu ingapo, aziona manja anu. Kenako apale matabwa aatali a paini inu mutaima pambali pake, pafupi ndi swichi. Yekha m'shopu asayatse, ngakhale mutapita kukagula guluu pa golosale pomwepa. Makolo ake anakupatsani mwana wa zala khumi.

Jambulani mbali ya tebulo pamene pali mabowo paja, komanso kachitsulo kolembedwa dzina la makinawo, muponye pano. Ndikujambulirani chotchinga chake ndi miyezo yoti mupite nayo kwa wowotcherera.