Pezani kaye supervisor, fomu ibwere pambuyo

Achimwene, munafunsa za mwayi wa masters ya kafukufuku mu engineering. Ulipo kuno ku Joni, makamaka ku yunivesite ya Wits ku Braamfontein ndi ku University of Johannesburg (UJ), koma musathamangire kudzaza fomu yofunsira malo. Pezani kaye supervisor, mphunzitsi woti adzakuyang'anireni. Lowani pa webusaiti ya dipatimenti, muone zimene aphunzitsi akufufuza panopa, kenako mulembere mmodzi imelo yaifupi. Muikemo transcript yanu ya ku MUBAS ija ndi tsamba limodzi lofotokoza zomwe mukufuna kufufuza, zogwirizana ndi ntchito yake.

Ndikutero chifukwa ndalama za kafukufuku nthawi zambiri zimadzera mwa aphunzitsiwa, kuchokera ku makampani a migodi, a magetsi kapena a madzi. Ndaona anzathu okhoza bwino zedi akungodikira miyezi yankho osabwera, poti palibe mphunzitsi anawadziwa. Wina analemba ndime ziwiri zokha za vuto la madzi oipa otuluka m'migodi yakale ya golide, ndipo anaitanidwa kukacheza. Ndalama za NRF, bungwe la boma lothandiza pa kafukufuku, musaziwerengere kwambiri, gawo lalikulu limapita kwa nzika za South Africa.

Digiri yanu iyenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la South Africa loona za ziphaso za maphunziro, ndipo zimatenga nthawi, ndiye tumizani mapepala msanga. Chosangalatsa n'chakuti ife a m'maiko a SADC fizi timalipira ngati eni dziko, kungoonjezerapo ndalama ya ophunzira akunja.

Za study visa ndi medical aid zokha, musamvere za m'magulu a WhatsApp. Malamulo ake amasinthasintha, choncho funsani ofesi ya ophunzira akunja ya pasukulupo kapena katswiri wovomerezeka wa za immigration musanalipire aliyense.