Kukaonera Tour de France pa Alpe d'Huez: pitani pa njinga, koma pamwamba musapalimbikire

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene athu ena okhala ku Leeds. Akuti mu July adzakhala ku Grenoble, m'dziko la France, ndipo akulakalaka kukaona mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France ndi maso awo pa phiri la Alpe d'Huez. Afunsa kuti: "Ndibwereke njinga ndikwere phirilo, kapena ndingopita pa galimoto? Nanga ndikaime pati?"

Achimwene, choyamba onetsetsani kuti chaka chimenecho mpikisano ukudutsadi pamenepo, chifukwa njira yake amaisintha chaka ndi chaka ndipo amailengeza mu October. Mukatsimikiza, za galimoto iwalani. Apolisi amatseka msewu kudakali nthawi yambiri, ndipo malo oimika amakhala atatengedwa kale ndi anthu amene agona m'magalimoto awo m'mbali mwa msewu kwa masiku angapo. Wa njinga amaloledwa kudutsa wa galimoto atabwezedwa, ngakhale kuti nthawi ikamayandikira nayenso amauzidwa kuti atsike azikankha.

Kuchoka ku Grenoble kukafika m'tauni ya Le Bourg-d'Oisans, m'munsi mwa phirilo, ndi makilomita pafupifupi 50. Ine ndikanagona komweko, ndipo malo ogona ndi njinga yobwereka ndikanasungitsiratu miyezi ingapo isanafike July. Chitunda chenichenicho ndi makilomita 13.8, ndipo pa mamita 100 alionse msewu umakwera mamita pafupifupi 8. Ngati munapalasapo kuchoka m'tauni ya Zomba kukafika ku Ku Chawe, dziwani kuti ichi n'chachitali kuposa chimenecho. Akatswiri amachimaliza m'mphindi 40 kapena kupitirirako pang'ono. Munthu wamba ngati inu ndi ine, ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, thukuta lili kamukamu. Pemphani njinga ya magiya opepuka, musachite manyazi. Makilomita oyambirira mpaka mudzi wa La Garde ndiwo owawa kwambiri, ndipo ambiri amathera mphamvu pomwepo chifukwa choyamba ndi phuma.

Tsono za poima. Msewuwu uli ndi makona 21, ndipo amawawerenga chobwerera: ya 21 ili m'munsi, ya 1 ili pafupi ndi pamwamba. Pa kona iliyonse pali chikwangwani cha maina a omwe anapambanapo pa phirili, kuyambira Fausto Coppi mu 1952. Aliyense amafuna pamwamba, koma kumeneko kumakhala mipanda yachitsulo ndi chinamtindi cha anthu, moti mumangoona misana ya anzanu. Kona ya 7 ndi ya anthu a ku Netherlands: onse avala zaolenji, mowa, nyimbo, utsi wamitundumitundu. Dutsanipo muone, koma ngati mwabwerera njinga osati phwando, musakhazikike pamenepo. Ine ndingasankhe pakati pa kona ya 16 ndi ya 10, chakumtunda pang'ono kwa kona, pomwe mungathe kuona msewu wa m'munsi ukukhotakhota. Opalasa mumawaonera patali, kenako n'kukudutsani pafupi, mpaka kumva kupuma kwawo ndi kulira kwa tcheni.

Ubwino wa phiri ndi umenewo. Pamsewu wosalala gulu lonse limadutsa pa liwiro loposa makilomita 40 pa ola, kuphethira kawiri latha. Pachitunda amamwazikana. Otsogolera akadutsa, omaliza amatha kufika patapita theka la ola, nkhope zitakwinyika, akungolimbana ndi nthawi kuti asachotsedwe mumpikisano. Awa ndi ofunika kuwaombera m'manja kwambiri.

Nyamukani m'mamawa, mukhale mutafika dzuwa lisanafike pamutu. Tengani madzi okwanira, kamba, chipewa, chubu ndi pampu, komanso jekete ya mvula, poti nyengo ya m'mapiri simachedwa kutembenuka. Netiweki ya foni imavuta chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Kutatsala maola ngati awiri kuti opalasa afike, pamadutsa mdipiti wa magalimoto otsatsa malonda akuponya zipewa, masuwiti ndi tinthu tina, mwambo womwe unayamba mu 1930. Mukamva ndege za helikoputa zikuyandikira, ndiye kuti afika.

Njinga yanu muigoneke kutali ndi phula, kuseri kwanu. Apa ndikunenetsa. Mu 2018 wopalasa wina, Vincenzo Nibali, anagwa pa phiri lomweli atakodwa pakati pa oonerera, fupa la msana n'kusweka, mpikisano wake n'kuthera tsiku lomwelo. Mu 2021, pamalo ena, mayi wina anatulutsa chikwangwani cha katoni pofuna kuoneka pa TV, wopalasa Tony Martin n'kuchiomba, anthu ambirimbiri n'kugwa mulu umodzi. Khothi linalipiritsa mayiyo mayuro 1,200. Musathamange pambali pa opalasa, musawakankhe, ndipo pojambula musawapatse msana.

Chimene ambiri sachiganizira ndi kutsika. Galimoto yomaliza yotola olephera ikadutsa, anthu zikwizikwi amatsika nthawi imodzi, ena wapansi, ena pa njinga, ena ataledzera. Apanso woima chakumunsi amapindula, chifukwa njira yake ndi yaifupi. Dikirani kaye theka la ola, yesani mabuleki onse awiri, valani helemeti ndi jekete ija, muzitsika pang'onopang'ono mbali ya kumanja. Ku France sayendera kumanzere ngati ku Leeds.

Ngati ulendo wa ku Grenoble walephereka, mu 2027 mpikisanowu udzayambira ku Edinburgh n'kudutsa England ndi Wales. Kumeneko simudzafunika kubwereka njinga, mudzangotenga yanu yomwe ija.