Draiva yakale ya IDE ikuwononga mafailo aakulu: ndiyilembenso yonse?

Imelo ya sabata ino yachokera ku Ntcheu, kwa mnyamata amene amakonza makompyuta kufupi ndi msika wa Lizulu. Ali ndi makina akale a hard disk za IDE, zija za nthambo yotambalala ngati lamba, ndipo draiva yake, pulogalamu yolumikiza kompyuta ndi disikizo, inalembedwa m'chinenero cha C ndi munthu amene anachoka kalekale. Mafailo aang'ono amakopedwa bwinobwino, koma aakulu amafika owonongeka, kompyuta osadandaula kanthu. Khodi yonse yaunjikana mufailo imodzi. Akufunsa kuti: "Kodi ndingoyilembanso mwadongosolo kuti vutoli lithere momwemo?"

Ayi achimwene, dikirani kaye. Mukayamba kusuntha khodi vutolo musanaligwire, likhoza kubisala kwa kanthawi, inu n'kumati latha, chikhalirecho mafailo a makasitomala akuonongekabe mwakachetechete. Kugwira vuto ndi kusanja khodi ndi ntchito ziwiri, ndipo yoyamba ndi kugwira vuto.

Tengani disiki yopanda kanthu kofunika. Disiki imagawidwa m'tizigawo totchedwa masekita, ndipo sekita iliyonse ndi mabaiti 512. Lembani kapulogalamu kodzaza sekita iliyonse ndi nambala yake ya LBA, yosonyeza malo ake pa disiki, monga ogula kachewere pa Lizulu amalembera chizindikiro pathumba lililonse lisanakwere lole. Mukalemba ndi draiva yanuyo, kawerengeni disikiyo pa makina ena a Linux, kenako mutembenuze: mulembe ndi Linux, muwerenge ndi yanu. Mukatero mudziwa ngati cholakwika chili polemba kapena powerenga, komanso baiti imene chisokonezo chikuyambira.

Ine ndikukayikira DMA, njira imene deta imapitira pakati pa disiki ndi RAM osadzera kwa purosesa, chifukwa mwanena kuti mafailo aang'ono alibe vuto. Pa IDE, draiva imapatsa chipu yoyendetsa disiki tebulo lotchedwa PRD, lonena malo a deta mu RAM. Mzere uliwonse ndi mabaiti 8: adiresi ya mu RAM, kuchuluka kwa mabaiti, ndi biti yosonyeza kuti mzerewu ndi womaliza. Chigawo cha RAM cha mzere umodzi sichiyenera kudumpha malire a 64 KiB. Chikadumpha, machipu ambiri amangobwerera kumayambiriro kwa chigawo chomwecho n'kumalemba pamwamba pa zina, osanena kalikonse. Komanso malo olembapo kuchulukako ndi a mabiti 16 okha, choncho 65,536 amalembedwa ngati 0. Machipu ambiri amadziwa zimenezi, koma khodi imene imati "ngati ndi 0 palibe chotumiza" imataya chigawo chonse. Msampha womwewo uli pa chiwerengero cha masekita mu LBA28, njira ya maadiresi a mabiti 28: 0 amatanthauza 256. Ndiye onani ngati chisokonezo chikuyamba pamene adiresi ya mu RAM ikugawika ndi 65,536. Ngati zili choncho, mwampeza wakubayo.

Ngati masekita athunthu asemphana malo pamene mukugwiritsa ntchito PIO, njira imene purosesa imasuntha yokha deta, onani ngati draiva ikudikira biti ya BSY (disiki yatanganidwa) kuzima ndi ya DRQ (yakonzeka kusuntha deta) kuyaka pa sekita iliyonse, osati poyamba pokha. Ngati vuto limangobwera disiki ikadutsa 137 GB, ndiye kuti LBA28 yafika pothera, pakufunika LBA48. Mabiti akamalakwika apa ndi apo mosatsata dongosolo, isiyeni khodi, yesani RAM ndi Memtest86+ ndipo muyang'ane nthambo. Liwiro loposa UDMA/33 limafuna ya mawaya 80, osati 40, ndipo fumbi la m'mbali mwa M1 ndi chinyezi cha kuno kumapiri sizichitira chifundo timapini.

Mukalipeza, likonzeni ndi commit imodzi yaing'ono, ndiko kuti kusintha kumodzi kosungidwa mu git, pulogalamu yosunga mbiri ya khodi, yosakhudza china chilichonse, ndipo mulembe chimene chinkachitika ndi mmene munachionera.

Tsopano kusanja. Gawani khodi patatu: yokhudza marejista okha, timalo ta m'chipu tolembamo malamulo ndi kuwerengamo mayankho, monga 0x1F0 mpaka 0x1F7 ndi 0x3F6, yotumiza malamulo a ATA, amene disiki za IDE zimamva, ndi kudikira mayankho, ndi ya makhalidwe a chipu iliyonse payokha. Umu ndi mmene libata, khodi ya Linux yoyendetsa disiki zotere, inakonzedwera, chipu iliyonse ndi kafailo kake koyamba ndi pata_, ndipo ndi imene inatsala pamene khodi yakale ya IDE inachotsedwa mu Linux 5.14 mu 2021. Iwerengeni, muphunzira zambiri. Posuntha, commit iliyonse izingosuntha basi, osasintha kachitidwe. Lamulo la git diff --color-moved likuonetsani ngati mwasinthako mzere mosadziwa, ndipo mayeso a masekita aja muziwabwereza pa commit iliyonse kuti git bisect, yofufuzira commit imene yabweretsa vuto, idzakuthandizeni zikadzavuta.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musafufute mizere yooneka yopanda nzeru. Mukapeza khodi ikuwerenga rejista ya alternate status kanayi n'kutaya yankho, imeneyo ikudikira ma nanosecond 400 kuti disiki ikhazikike. Mukapeza ikuletsa ma channel awiri, njira ziwiri zolumikizira disiki, kugwira ntchito nthawi imodzi, mwina inalembedwera CMD640, chipu ya m'zaka za m'ma 1990 imene inkaononga deta pa chifukwa chomwecho. Chipu ya RZ1000 nayo inkaononga deta read-ahead, kuwerengeratu deta isanafunidwe, ikakhala yoyatsa. Mizere yotereyi isamutsireni kugawo lachitatu lija, muike ndemanga pamwamba pake yonena chipu imene ikuifuna.

Mukayesa, nditumizireni dzina la chipu monga likuonekera pa lamulo la Linux la lspci, nambala ya sekita yoyamba kulakwika, ndi nambala imene mwapezamo m'malo mwake.