Amalume, chomera chija si lucerne ayi

Eee amalume, ndachiona chithunzi mwaponya mu gulu muno chija, mukufunsa ngati zamera mu msipu wa ng'ombemo ndi lucerne, chomera chija chodyetsa ziweto. Ayi ndithu, mmene ndikuonera ine ameneyo ndi clover, chomera chinanso chodyetsa ziweto, mtundu uja amati berseem, kwawo ndi ku Egypt, amamulima nyengo yozizira m'mbali mwa Nile, komanso ku India ndi ku Pakistan alimi a ng'ombe za mkaka amamudalira kwambiri.

Koma foni imanamiza, ndiye mawa mukapita mukathyole kanthambi kamodzi muone bwinobwino. Zonse ziwiri zili ndi timasamba titatu, apa ndi pomwe anthu amasokonezekera. Kwa berseem titatu tonse timatulukira pamalo amodzi, totalikirapo, topanda kachizindikiro koyera pakati, pomwe kwa lucerne kapakatiko kamakhala ndi kaphesi kakekake, kamatsogolako pang'ono. Kenako finyani tsinde ndi zala ziwiri, la berseem ndi lamphako, lofewa, limangophwanyika. Maluwanso pa chithunzi chanu akuoneka oyera mopita ku chikasu, ataunjikana ngati kampira kumapeto kwa nthambi, a lucerne amakhala apepo. Akanakhala ofiira piriwiri, ataliatali, ndikanati crimson clover, akanakhala tating'ono tapinki tonunkhira ndikanati Persian clover.

Chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi amalume, berseem ndi wa nyengo imodzi basi, si ngati lucerne amene amakhala zaka. Mukamusiya achite maluwa onse ndi kubala njere, wauma, kwatha. Ndiye poti maluwa ayamba kale musachedwe, mwetani, koma osameta mpaka pansi, siyani chitsa chotalika ngati chala kuti aphukirenso. Berseem wa mtundu wa Miskawi amamwetedwa kangapo, wa Fahl kamodzi kokha, ndiye funsani amene anakupatsani mbewuyo kuti ndi uti.

Aaa china, zulani chomera chimodzi muone mizu, mupeza timatuza, mukang'amba kamodzi n'kupeza mkati mwapinki dziwani kuti tizilombo ta Rhizobium tikugwira ntchito, tikuika nayitrojeni m'nthaka, ndiye mizuyo musaitaye, isiyeni iwolere momwemo.

Podyetsa yambani pang'onopang'ono, ng'ombe zidye kaye udzu wouma, zisalowe mu msipumo ndi njala pamene pali mame. Mukathyola kanthambiko munditumizirenso chithunzi cha pafupi.