Pakati pa Blue Train ndi Orient Express, yambani ndi ya ku South Africa

Bambo, mwafunsa kuti pakati pa Orient Express ndi Blue Train, ndi sitima iti imene ingakuthandizeni kumvetsa mbiri ya maulendo apamwamba a panjanji nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Ine ndikulangizani kuti muyambe ndi Blue Train.

Sitimayi inachokera ku sitima ziwiri zotchedwa Union Limited ndi Union Express, zimene kuyambira mu 1923 zinkanyamula anthu olemera pakati pa Johannesburg ndi doko la Cape Town, kumene ankakwera sitima zapamadzi za Union-Castle zopita ku Southampton, ku England. Nkhondo itakula maulendowa anaimitsidwa, ndipo pamene anayambiranso mu 1946, dzina loti Blue Train, limene anthu ankaitchula kale chifukwa cha mtundu wa mabogi ake, linakhala lovomerezeka. Apa ndiye pagona nkhani: poyamba munthu ankaikwera chifukwa anali pa ulendo weniweni, koma ndege zitafala ndipo sitima za Union-Castle zonyamula makalata zitasiya kuyenda mu 1977, Blue Train inasanduka hotela yoyenda ya alendo odzaona malo. Lerolino imayenda makilomita pafupifupi 1,600 pakati pa Pretoria ndi Cape Town, kudzera ku Kimberley ndi m'dera louma la Karoo, ndipo pa chakudya chamadzulo amuna amayenera kuvala jekete ndi tayi. Musaiwalenso kuti m'zaka zakalezo agogo athu opita ku migodi ya ku Joni ankapanikizana m'mabogi apansi, chifukwa tsankho linagawa anthu ngakhale pa siteshoni.

Orient Express, sitima ya ku Ulaya, ndi dzina lomveka, koma bogi yomaliza ya maulendo ake a nthawi zonse yochoka ku Paris mpaka ku Istanbul inayenda mu Meyi 1977. Venice Simplon-Orient-Express imene mumaiona pa zithunzi inayamba mu 1982, wamalonda wina dzina lake James Sherwood atagula mabogi akale a m'ma 1920 ndi 1930 n'kuwakonzanso. Ndi yokongola ndithu, komabe imakuonetsani ulemerero wa nkhondo isanayambe, osati umene mwafunsawo.

Ngati mufuna kuyerekeza, onjezani 20th Century Limited ya pakati pa New York ndi Chicago, imene inatha mu 1967 itagonja kwa ndege ndi misewu ikuluikulu ya ku America.