Funsani Akatswiri: manambala aang'ono a mu kompyuta

Funso: Ndine wophunzira kuno ku Braamfontein, mu Johannesburg. Kompyuta yanga ili ndi GPU (khadi lowerengera mwachangu) ya 12 GB, koma model ya AI ya ma parameter 7 biliyoni ikukana kulowa. Anzanga akuti ndisinthire ku FP16. Kodi mayankho sawonongeka?

Yankho: Tiwerengere limodzi, achimwene. Ma parameter ndi manambala omwe model inaphunzira, ndipo FP32, FP16 ndi BF16 ndi njira zosungira manambala okhala ndi kadontho: yoyambayo m'ma bit 32, zinazo m'ma bit 16 (ma bit 8 ndi byte imodzi). Mu FP32 parameter iliyonse imadya ma byte 4, ndiye model yanuyo ikufuna 28 GB. Mu FP16 kapena BF16 ndi ma byte 2, kutanthauza 14 GB. Simukwanabe. Tsikirani pa ma bit 8, pomwe mpata wofunika ndi 7 GB, ndipo otsalawo muusiyire ntchito yowerengera. Makhadi a NVIDIA a RTX 40 ndi H100 amadziwa FP8, njira yomweyo koma ya ma bit 8. Pa makhadi akale gwiritsani ntchito INT8, yosunga manambala athunthu m'ma bit 8.

Ngati mukungoifunsa mafunso, kusiyana kwa mayankho nkochepa. Vuto lili pophunzitsa model. Nambala yaikulu yomwe FP16 ingasunge ndi 65504. Ikapitirira apo imasanduka inf (nambala yopanda malire), kenako NaN (chizindikiro choti si nambalanso), ntchito ya usiku wonse nkuthera pomwepo. Kumunsinso kuli dzenje: ma gradient (manambala ouza model mmene isinthire ma parameter ake) aang'ono kwambiri amangosanduka ziro, model nkusiya kuphunzira mwakachetechete. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa loss (nambala yoyeza kulakwitsa kwa model), mwachitsanzo ka 1024, musanawerengere ma gradient, kenako muwagawe ndi nambala yomweyo. Ma weight enieni, omwe ndi ma parameter aja, muwasunge mu FP32.

Ife timakonda BF16, yomwe inachokera ku Google. Ili ndi ma bit 8 a exponent (gawo losunga kukula kwa nambala) monga FP32, choncho sisefukira wamba. Koma yatsala ndi ma bit 7 okha osungira tsatanetsatane, moti 256 kuphatikiza 1 imabweza 256 yemweyo. Nchifukwa chake kuwonkhetsa manambala ambirimbiri kuzichitikira mu FP32. Pa BF16 pamafunika khadi la RTX 30 kapena latsopano kuposa apo.

Funso: Ndikulembera amalume pulogalamu ya maakaunti a spaza yawo ku Yeoville. FP16 ingathandize kuti iziyenda msanga?

Yankho: Ayi, chonde musayerekeze. Mu FP16, 2048 kuphatikiza 1 imakhalabe 2048, ndiye ndalama za amalume zizisowa popanda wakuba. Sungani ndalama ngati masenti athunthu: R19.99 ilembedwe 1999 mu integer (nambala yathunthu) ya ma bit 64, kadontho muzikaika pongoonetsa pa risiti.