Mwala ukafika pamwamba penipeni, acceleration siikhala ziro

Mtsikana wina wa chaka choyamba ku yunivesite wanditumizira imelo iyi: "Fizikisi ya MSCE ndinakhoza bwino, koma kuno asayimenti ikundizunguza mutu. Mwala waponyedwa ndi legeni molunjika kumwamba pa liwiro la mamita 29.4 pa sekondi, kuchokera padenga lotalika mamita 34.3. Atifunsa acceleration ya mwalawo ukafika pamwamba penipeni, komanso nthawi imene ugwere pansi. Ndinalemba ziro poti mwala umaima kaye usanabwerere, andithetha. Pa nthawi ndinapeza masekondi 6, andithethanso. Kodi ndiloweze mafomula ati?"

Achemwali, zikomo polemba. Musaloweze fomula ina iliyonse sabata ino. Mafomula muli nawo kale okwanira. Chimene chikusowa n'chakuti fizikisi mwaiika m'kope lake, calculus m'kope lake, pomwe funso ili likufuna kuti makope awiriwo atsegulidwe limodzi.

Tiyambe ndi ziro uja. Simunaname kuti mwala umaima. Koma chimene chakhala ziro ndi liwiro. Acceleration imatiuza mmene liwirolo likusinthira, ndipo kusinthako sikupumula ngakhale kamphindi. Taganizani za munthu amene ali ndi ndalama m'thumba ndipo tsiku lililonse amadyapo K980. Tsiku limene thumba lauma, kadyedwe kake sikanasinthe. Mawa lake akhala ndi ngongole ya K980. Mwalanso, dziko limauchotsera liwiro la mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, kuyambira pamene wachoka pa legeni mpaka kugunda pansi. Pokwera, pamwamba, potsika, chimodzimodzi. Acceleration ikanakhaladi ziro pamwambapo, mwala wopanda liwiro ukanangokhala m'malere osatsikanso. Yankho ndi mamita 9.8 pa sekondi pa sekondi, kuloza pansi.

Tsopano tengani pepala. Jambulani nyumba, ikani kadontho padenga, lembani 34.3 m'mbali mwake. Kenako sankhani mbali ya pulasi, ndipo mulembe zimenezo pa pepalapo, osangosunga m'mutu. Ine ndisankha kumwamba. Ndiye kuti acceleration, imene tiitcha a, ndi a = −9.8, poti imaloza pansi. Pa funso lonseli, fizikisi yathera pa mzere umenewu. Zotsalazo ndi calculus.

M'kalasi ya masamu anakuuzani kuti derivative imayeza mmene chinthu chikusinthira, ndipo acceleration ndi derivative ya liwiro, liwiro ndi derivative ya malo amene chinthu chili. Ife tikubwerera m'mbuyo, choncho tichita integration. Koyamba tipeza liwiro v pa nthawi t: v = −9.8t + C. Ka C aka ndi kamene ophunzira ambiri amakawona ngati mwambo chabe wosangalatsa aphunzitsi. Ayi ndithu. Ikani t = 0, muwona kuti C ndi liwiro loyambira, 29.4. Choncho v = 29.4 − 9.8t. Ikani v = 0, mupeza t = 3: mwala ufika pamwamba patatha masekondi 3. Pezaninso derivative ya v pa nthawi imeneyo. Ndi −9.8. Mu yankholo mulibe t, ndiye palibe sekondi imene ingalisinthe.

Integration yachiwiri ipereka msinkhu h umene mwala uli, ndi C wina watsopano: h = 29.4t − 4.9t² + C. Apa ndi pamene masekondi 6 anu anabadwira. Munagwiritsa ntchito fomula ya ku sekondale ija, s = ut + ½at², n'kuika s = 0. Fomulayo ndi yoona, koma s wake amayeza kuchokera pamene mwala wayambira. Masekondi 6 ndi nthawi imene mwala ukudutsanso pa msinkhu wa denga, ukadali ndi ulendo wa mamita 34.3. Mukayeza kuchokera pansi, C ndi 34.3, ndipo h = 34.3 + 29.4t − 4.9t². Ikani h = 0, gawani zonse ndi −4.9, mutsala ndi t² − 6t − 7 = 0, kapena kuti (t − 7)(t + 1) = 0. Mwala ugunda pansi pa masekondi 7. Winayo, −1, ndi nthawi ya mwala usanaponyedwe, choncho sitimutenga, koma lembani chifukwa chake pa pepala la mayankho.

Musanapereke ntchito, iyeseni nokha. Pa t = 3, h ndi mamita 78.4, kutanthauza mamita 44.1 pamwamba pa denga. Kuchokera pamenepo mwala ukungogwa, ndipo 4.9t² = 78.4 ipereka t = 4. Atatu okwera, anayi otsika, onse pamodzi 7. Njira ziwiri zosiyana zakumana, ndiye simufunikanso wina wokuchongerani. Dziwaninso kuti monsemu sitinawerengere kukankha kwa mpweya, monga amachitira m'mafunso a chaka choyamba. Mwala weniweni ungaperewere pang'ono kufika pa 78.4.

Chimene chimandikondweretsa pa funso ngati ili n'chakuti fomula imene munkailoweza ku Fomu 3 ndi Fomu 4 mwaipanga nokha m'mizere iwiri. Anthu anaivutikira nkhani imeneyi. Galileo analemba m'chaka cha 1638 kuti mtunda umene chinthu chagwa umakula molingana ndi nthawi yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Leibniz anatulutsa calculus yake mu 1684, ndipo kalembedwe ka dx kamene mukugwiritsa ntchito n'kake. Newton anatulutsa malamulo ake a kayendedwe ka zinthu mu 1687. Masamuwa anakulira limodzi ndi mafunso a zinthu zoyenda, n'chifukwa chake kuwalekanitsa kumakulemetsani.

Ndikudziwa kuti madzulo a tsiku lopereka asayimenti, mayankho amayendayenda m'magulu a WhatsApp. Ndikukupemphani, musakopere. Wokopera akanalemba 7 n'kuchongedwa, koma C akanadzamugwetsa pa mayeso, pomwe alibe womufunsa. Kuthethedwa kwanu kwatiwonetsa malo awiri enieni amene panali potsimphina, ndipo onse atheka. Kambiranani ndi anzanu, inde, koma aliyense ayambe wajambula yekha ndi kulemba mzere wake wa a.

Nali funso loti muyese usiku uno. Denga lomwelo, liwiro lomwelo la 29.4, koma mwala waponyedwa molunjika pansi. Pulasi akhalebe kumwamba. Chisinthe ndi chizindikiro cha C woyamba basi, −9.8 asakhudzidwe. Pezani nthawi yogunda pansi ndi liwiro lake pogundapo, kenako mufanizire ndi liwiro la mwala woyamba uja pa t = 7, lomwe ndi −39.2. Mukaona zimene zatuluka, mundilemberenso mundiuze chifukwa chake zatero.